Nkhope ya Tadala pa Basi

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Ndine Esinati. Kuno tilipo ndithu. Tadutsa mvula ziwiri chikuikireni m'manda, koma ndikamasesa m'mawa ndimafikabe mpaka pakhomo panu. Mtedza wachita bwino chaka chino, makamaka kumunda wa kumtunda uja munkaunena kuti ngwoumira. Chimanga ndiye chinapsa ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Agnesi, chitsiriza wanu, ali ndi mwana wamwamuna, makutu ake enieni a malemu abambo.

Chandikhazika pansi lero ndi mdzukulu wanu Tadala. Ali Fomu 3 tsopano. Ulendo wake wa kusukulu mukuudziwa: kunyamuka kusanache, kuwoloka dambo, kufika pamsewu wa tala dzuwa litatuluka, n'kuutsata mpaka kusekondale. Masamu amawapeza atatha. Mathiraki opita kuboda amamuimira, madalaivala n'kumati, "Kwera, mwana wasukulu." Iye amakana, koma mnzake wina anakwerapo kangapo, pano ali pakhomo ndi pakati.

Patangotha miyezi itatu chichitikireni maliro anu, achimwene a Fanuwelo anabwera pagalimoto ya bungwe lomwe amagwirako ntchito kuboma, ali ndi alendo awiri. Anati akufunira njinga ana oyenda mtunda wautali. Analemba mayina a ana onse a m'mudzi muno. Kenako anauza Tadala kuti avale yunifolomu, avule nsapato, aime m'madzi pakati pa dambo mabuku ali pamutu. "Usaseke, yang'ana kuno," anatero achimwene, alendowo akujambula. Nsapato zake ndinagwirizira ndine, Amayi. Nkhuku ndinawapheranso ndine.

Njinga sitinazione. Chomwe chinabwera ndi basi yatsopano, yoyera, yonyamula ana asukulu ulere. Imanyamuka kuboma, imayenda patala pokhapokha. Ndipo m'mbali mwake muli chithunzi cha Tadala, chachikulu ngati chitseko, ali m'madzi muja.

Tsiku loyamba kuiona anabwera akuthamanga. "Amama, ndili pabasi!" Tonse tinakondwa, tinkayesa kuti ngakhale kuchokera patala pokha azikwera. M'mawa mwake kunagwa mvula. Anafika pamsewu atanyowa, basi inaima kutenga ana awiri a mwini golosale, iye n'kuponda pakhomo pa basiyo. Dalaivala anati, "Khadi lako lili kuti?" Analibe. Makhadi anapatsa ana okhala m'mbali mwa msewu. Tadala analoza chithunzi chija n'kunena kuti, "Bambo, uyu ndine." Dalaivalayo akuti anayang'ana pansi, n'kuti, "Pepa mwanawe, ndi lamulo." Ana omwe anali m'katimo anafa nacho chiseko. Mipando ina inali yopanda anthu.

Ndinapita kuboma, mpaka kuofesi kwa achimwene. Anandipatsa mpando ndi tiyi. "Chemwali, mvetsa," anatero. "Njinga zikanafera m'matope akwathu aja. Akuluakulu anaona kuti basi ithandiza ana ambiri, ndipo ana ambiri ali kufupi ndi tala."

Ndinati, "Nanga bwanji simunajambule ana a patalawo?"

Anayamba kusuntha mapepala patebulo.

"Ana anu amakwera?" ndinafunsa.

"Amakwera. Ali m'dera lake."

Amayi, kuchokera kunyumba kwa achimwene kukafika kusukulu ya ana awo ndi ngati kuchokera pakhomo panu kukafika kumjigo. Sindikuti ana a kuboma asakwere, nawonso mvula imawanyowetsa. Koma anapempha ndi mapazi a mwana wanga, okwera n'kukhala ena. Tiyi uja ndinamusiya osamwa.

Tadala anakhala milungu iwiri osapita kusukulu. Ankangopita nane kumunda. Pano wabwererako, koma pamsewu safuna kupondanso, chifukwa basi ikamadutsa ana amatulutsa mitu m'mawindo n'kumakuwa kuti, "Wa m'dambo uyo!" Amazungulira njira ya ku esiteti ya fodya, yomwe ndi yotalika kuposa yakale. Ndimamuperekeza mpaka kutuluka m'mitengo ya bulugama ija, ndipo ndimafika kumunda anzanga atalima kale mizere ingapo. Thandizo lawo latiwonjezera mtunda.

Pali mawu omwe sindinakuuzeni muli moyo, ndipo mundikhululukire. Chaka chija munanditulutsa Sitandade 7 kuti achimwene apite kusekondale, munandigwira paphewa n'kunena kuti, "Usalire Esinati, mmodzi akafika adzabwerera kudzatenga anzake." Ndinakukhulupirirani. Ndinalima mtedza womwe unawaphunzitsa, osadandaula. Anabwereradi, Amayi. Anadzatenga chithunzi.

Mwezi wamawa akuti abwera kudzamanga chiliza chanu. Ndidzawalandira, madzi osamba ndidzawatenthetsera, popeza ndi mwana wanu. Koma kuseka nawo ngati kale, zimenezo musandikakamize.

Lolemba tikubwerera kuofesi kuja, ine ndi amayi ena asanu omwe ana awo analembedwa mayina tsiku lija. Tikanena chinthu chimodzi: apereke makhadi kwa ana a kuno, apo ayi afufute nkhope ya mwana wanga pabasi yawo. Munkati ndili ndi pakamwa polemera, sinditha kuyankha anthu ovala mataye. Lolemba ndikayankha.

Mupereke moni kwa abambo. Ndikukulonjezani kuti Tadala adzalemba mayeso a Fomu 4, ngakhale zitatengera kuti ndiziyenda naye mpaka pakhomo la kalasi. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero ndalemba mtima ukuwawa.

Ndine mwana wanu,
Esinati