Funso la Dzira Losweka

Lolemba, 6 Meyi

Mitundu yonse ya anthu imve: lero yunivesite yandipatsa mpando wa miyendo yofanana. Wakale uja ndinkauchirikiza ndi buku, ndiye bukulo layambanso kuwerengedwa. Maphunziro apita patsogolo.

Kankhani kena kakang'ono: ntchito yophunzitsa filosofi ya fizikisi, imene ndakhala ndikungogwirizira temu ndi temu, akufuna kuikapo munthu wokhazikika. Tatsala awiri, ine ndi Chipewa. Chipewa yemwe uja, mnzanga wa pasukulu, nayenso wogwirizira kuyunivesite ina. Padziko pano owerenga zolemba zanga alipo awiri, winayo ndine. Amazibweza zili psuu ndi inki, ngati zachita ngozi.

Lachitatu, 8 Meyi

A Hedi a dipatimenti yathu ati aliyense wa ife aphunzitse kalasi yanga komiti ikuonerera, kuti pakhale chilungamo. Ndagwedeza mutu. Wogwirizira amakhala ndi khosi lofewa.

Loya, mtsogoleri wa kalasi, wanditsatira m'khonde. "Madamu, musadere nkhawa. Mlendoyo timulandira ndi dzira."

Dziralo ndi funso limene ndinawazunza nalo mwezi wathunthu: malamulo a fizikisi sasankha kutsogolo kapena kumbuyo, nanga bwanji dzira losweka silibwerera m'chigoba? Ndinawaonetsanso pamene yankho lililonse limabookera. Ndaseka, ndati, "Iwe Loya, ukhale ndi ulemu." Koma kuti ayi sindinanene.

Chipewa akamupanikiza anthu ambiri nthawi imodzi amagwidwa chibwibwi. Izi kalasi sikuzidziwa. Wodziwa ndine.

Lachinayi, 9 Meyi

Chipewa wafika pa basi, agona pasofa panga. Wabwereka simbi, wasita shati chipewa chili kumutu.

"Chemwali, ukapambana undilembe ntchito yofufuta bolodi."

"Ulibe mapepala ake," ndamuuza.

Kenako wafunsa kuti ana angawo ndi otani. Ndati ndi ofatsa.

Lachisanu, 10 Meyi

Phunziro langa layenda ngati kwaya. Ana kufunsa mafunso amene mayankho ake ndinawagawira ndekha, Loya mpaka kuusa moyo ngati wamva zachilendo. Komiti kumangolemba.

La Chipewa ndinalimvera panja, pafupi ndi windo. Anayamba bwino. Bwino kuposa ine, pano ndiye ndinganene. Kenako dzira lija. Atayankha, dzanja lina m'mwamba. Asanamalize, linanso. Anakakamira pa mawu oti "nthawi", n-n-n, choko chili m'malere, mpaka wina kumbuyo anamumalizira. Kalasi yonse kuphulika ndi kuseka. Bambo wa fizikisi wa m'komiti anayang'ana wotchi.

Ndinapita kukatunga madzi amene sindinkawafuna.

Loweruka, 11 Meyi

Ndamuperekeza kokwerera basi.

"Ana ako ndi akuthwa," watero. "Funso lomaliza lija ndi lako. Ndinakuwongolera ndine chaka chatha, linali lopindika."

Wanena akumwetulira, uku akufunafuna tikiti m'matumba. Ine ndati ana a masiku ano. Iye wati eya, ana a masiku ano.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ntchito andipatsa. A Hedi ayamikira kwambiri "ubale wanga ndi ophunzira". Amayi pafoni akondwa, kenako afunsa ngati tsopano ndiyamba kuphunzitsa zinthu zooneka ndi maso.

Loya akuyenda ngati wapambana mlandu. Wandipatsa moni wa manja awiri.

Lachinayi, 30 Meyi

Lamlungu ndinamutumizira Chipewa gawo latsopano la kafukufuku wanga, monga mwa masiku onse. Labwera lero lili mbee, lopanda ndi kadontho komwe. Pamwamba walemba kuti, "Zili bwino. Mafuno abwino pa ntchito yatsopano."

Pakatikati pali mfundo yotsimphina, yoti ndi mwana wa chaka choyamba yemwe angaione. Ndinaisiyamo dala. Masana onse foni yakhala patebulo, ine kudikira kuti aimbe, andinene kuti ndine mbuli yokhala ndi digiri.

Sanaimbe. Mfundoyo ndaikonza ndekha, ndawerenganso gawo lonse, ndipo sindikudziwa ngati kwinako kuli bwino. Ndilibe wina woti ndimufunse.