Fungo la Khofi ku Lodge

LACHINAYI

Esme, 09:14
achemwali mwadzuka? zandivuta kuno ku lodge

Esme, 09:15
a Frances, abwana aja, andiikira khofi mitundu inayi pa tebulo. akuti ndilawe ndisankhe iwiri ya pa menu, order ipite ndi sitima ya Ilala Loweruka

Dinah, 09:31
ndili mu taxi ndikupita ku ntchito. kuno ku Joni kukugwa mvula. iwe wa ku Khuyu unayamba liti kudziwa khofi kkk

Esme, 09:32
musaseke pliz. ndikasankha bwino andichotsa kochapa ma sheet, andiika pa bar. January kuli training ku Mzuzu

Dinah, 09:33
ndiye lawa, ukudikira chani

Esme, 09:58
wa ku Misuku akununkhira ngati zipatso, ukameza amasiya kuwawasa pang'ono. wa ku Thyolo ngwamphamvu, ngati chokoleti chopserera. wa ku Ntchisi sindikumumva bwino. watsala wa ku Mozambique, anabwera ndi wamalonda wina pa boti

Esme, 10:20
[uthenga wa mawu 0:41]

Dinah, 10:26
sindingamvere, madam ali pompano. lemba

Esme, 10:27
ndasanza kuseri kwa kitchen. atangotsegula paketi ya wa Mozambique uja. sindinamwe nkomwe, fungo lokha

Dinah, 10:28
unadya kanthu mmawa?

Esme, 10:29
ndinadya chinangwa. dzulonso zinatero pamene Nickson wa pa bar ankagaya khofi

Esme, 10:31
ndayesa kutsuka kukhosi ndi Fanta, Cherry Plum, Cocopina. zonse zikutsekemera mopitirira. ikukhazikika mmimba ndi ya ginger basi, ndi Frozy wa mandimu akazizira kwambiri

Dinah, 10:32
Cocopina ikukukana iwe? amene unkaililira pa Khrisimasi mpaka adadi kupita ku Chipyela wapansi

Dinah, 10:36
Esme

Dinah, 10:36
kumwezi unapita liti

Dinah, 11:50
ndikuona kuti wawerenga

Dinah, 13:05
[foni yosayankhidwa]

Esme, 15:42
ndinali busy

Esme, 15:49
kumayambiriro kwa September

Dinah, 15:50
ino ndi November

Esme, 15:50
ndikudziwa achemwali

Dinah, 15:51
chibwenzi chako Mclean anakwera Ilala kubwera kuno mwezi womwewo

Esme, 15:53
mwina ndi malungo

Dinah, 15:54
mwina. mawa upite kuchipatala akayeze zonse ziwiri

Esme, 15:55
chilumba chino mukuchidziwa. ndikangokhala pa benchi ya azimayi, amayi amva ndisanafike kunyumba

Dinah, 15:56
pita mmamawa. unene kuti mutu

LACHISANU

Dinah, 07:10
wanyamuka?

Dinah, 08:45
?

Esme, 10:03
ndatuluka. anesi ake ndi atsopano, a ku Rumphi, sakundidziwa

Esme, 10:04
malungo palibe

Esme, 10:04
zinazo zilipo

Dinah, 10:05
[uthenga wa mawu 1:12]

Esme, 10:11
musalire inunso. ndakhala pa mwala kuseri kwa tchalitchi. ndikuyenera kufika ku lodge 11, khofi uja sindinamalize

Dinah, 10:12
usiye khofiyo, upume

Esme, 10:12
ndikasiya bar apatsa wina. ntchito ndikuifuna pano kuposa dzana

Esme, 12:40
ndalawa onse. ndimangoviika nsonga ya lilime, kupumira mkamwa, kenako madzi. wa ku Ntchisi lero ndamumva, ngwofatsa, ngati mtedza wokazinga. ndasankha iyeyo ndi wa ku Misuku

Dinah, 12:44
a Frances ati chani

Esme, 12:46
ati nawonso anaganiza awiri omwewo. kenako apita ku fuliji, atenga ya ginger, atsegula, andiikira patsogolo

Dinah, 12:47
adziwa

Esme, 12:47
ee. za training sanatchulenso. sindikudziwa ngati ndili pa bar kapena ayi

Dinah, 12:49
uwafunse Lolemba. nanga amayi?

Esme, 12:50
ayambe wamva mwini wake. koma number ya Mclean siikulowa. tick imodzi basi kuyambira October. ndimati mwina anamubera foni

Esme, 12:52
inu mumamuona ku tchalitchi cha anthu akwathu kumeneko eti?

Esme, 13:20
achemwali

Esme, 13:41
mukulemba nkufufuta, ndikuona

Dinah, 13:48
ndimamuona. ali bwino, anapeza ntchito pa garage

Dinah, 13:48
number anasintha

Esme, 13:49
inu muli nayo?

Dinah, 13:49
ili pa group ya tchalitchi

Esme, 13:50
ndipo simunandiuze

Dinah, 13:52
ndinkati uiwale wekha pang'onopang'ono. sindimadziwa kuti zili chonchi. undilole ndikalankhule naye Sunday, ndipita ndi alamu ako

Esme, 13:52
ayi. ndimuuza ndekha. tumizani

Dinah, 14:03
[nambala ya foni: Mclean]

Dinah, 14:04
ukaimba, mwina ayankha mkazi. dzina lake Zodwa. amakhala limodzi ku Rosettenville

Dinah, 14:05
akayankha iyeyo usadule. umuuze dzina lako ndi kumene ukuimbira

Dinah, 14:19
Esme wamva?

Esme, 14:31
ndamva

Esme, 14:31
alendo afika, a Frances akuti ndiwapangire wa ku Misuku

Dinah, 14:32
uimbe ndili pa line. ndiweruka 4

Dinah, 16:02
ndaweruka

Dinah, 16:15
[foni yosayankhidwa]

Dinah, 16:16
line yako ikuti busy. wamuimbira wekha?