Chitsulo cha m'chikwama cha bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga manja a bambo, akunjenjemerabe? Ine kuno ndilipo, kungoti msana ukudandaula ndi simbi. Tsiku lonse ndimasita malaya a anthu osawadziwa, ndipo ndikafika kuchipinda wondifunsa kuti zayenda bwanji palibe. Lamlungu lapitali ndinazindikira madzulo kuti chidzukire sindinatsegule pakamwa, kupatula potsuka mano.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati alamu akufuna kupereka zida za bambo kwa otola zitsulo kuti m'chipinda muja muzigona ana. Musanatero, tamvani izi.

Mukukumbuka tsiku lomwe ndinkachoka, nditawauza bambo pamaso kuti za ukalipentala ine toto? Anangokhuthula chikwama chawo cha zida n'kundiponyera kuti ndiikemo zovala. Nditafika kuno ndinapeza m'kathumba ka m'mbali muli chitsulo chakuda chooneka ngati chopanira, koma kukamwa kwake kosakumana. Msomali sichizula, waya sichidula. Ndinati basi, akuluwa andinyoza, chida chopanda ntchito kwa mwana wopanda ntchito. Paja ankanditcha Manjalende.

Mnzanga wa kuntchito anati n'chozulira mano. Mayi wa chipinda choyandikana nane anati n'choboolera lamba. Ine ndinachipezera ntchito yangayanga. Zenera langa limadzitseka lokha, ndiye ndinkachipanikiza pamenepo kuti mphepo izilowa. Zaka zisanu ndi ziwiri, achemwali!

Sabata yatha eni nyumba anatumiza mkulu wina, kalipentala, kudzakonza zeneralo. Atachiona chitsulocho anandiyang'ana ngati wandigwira ndikuba. Anafunsa ngati ndikudziwa ntchito yake. Ine osachita manyazi ndinati n'chotsegulira zenera. Mkuluyo anapukusa mutu n'kutulutsa macheka ake. Anapanitsa dzino limodzi, kufinya, dzino lija n'kupendekera pang'ono kumanja. Anadumpha limodzi n'kufinya lotsatira. Atafika kumapeto anatembenuza macheka, mano otsala aja n'kuwapendeketsa kumanzere. Anati mano akaima mzere umodzi macheka amakanirira m'thabwa, ngakhale uwanole ndi tupa tsiku lonse.

Anatinso zida zoterezi masiku ano sizipezeka wamba. Mmisiri akhoza kubwereketsa hamala, ngakhale macheka amene, koma ichi ayi. Iye anachigwira koyamba atatha zaka zitatu akusesa utuchi kwa amene anamuphunzitsa. Ndinateleka madzi a tiyi kuti akhaleko pang'ono, koma anali ndi ntchito ina. Atatuluka ndinakhala pabedi chitsulo chili m'manja, ndipo ndinalira, sindikubisirani.

Paja munandilembera kale kuti chaka chomwe ndinachoka, bambo anayamba kutukwana matabwa kuti alimba, mpaka anasiya kulandira ntchito zazikulu. Tonse tinati ndi ukalamba. Chonsecho chida chawo chinali pazenera panga chikuchita dzimbiri, iwo osafunsa ndi kamodzi komwe.

Pempho langa ndi la macheka a bambo aja. Zina zonse alamu achite nazo mmene akufunira, koma machekawo musapereke. Apakeni mafuta muwakulunge m'nsalu. Mkulu uja wavomera kuti ndizipita kwake Loweruka masana akandiphunzitse. Ndathyola kale mano awiri pa macheka ake akale, ndipo anandikalipira ndendende ngati bambo. Ndinabwerera kuno ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wamisala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindikukangana nawo. Moni kwa azakhali, kwa amalume, ndi kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene amandidziwira pachithunzi.

Bambo okha musangowapatsa moni. Tsiku lomwe adzuke bwino muwaike machekawo pamiyendo, muwafunse ngati chitsulo chija anachisiya dala m'chikwama kapena anangochiiwala. Akati anachisiya dala, ndilembereni tsiku lomwelo. Akati anangoiwala, musandiuze. Mungolemba kuti ana ali bwino, ine ndidzamva.

Ndine mlongo wanu,
Manjalende