Botolo la Ukwati wa ku Kabulonga

Amake Dingani,

Musadabwe ndi magazi ali pa sinki, ndi anga. Ndinali kuboola botolo lanu lobiliwila lija la maluwa kuti ndilowetsemo nthambo ya magetsi, likhale nyali yojambulila ukwati wa mawa ku Kabulonga. Poboola galasi amathilapo madzi kuti lisatenthe, koma pampopi panali pouma, ndipo ine katswili ndinati madzi ndi a ophunzila. Botolo laphulika, landicheka chala chomwe ndimadinila kamela. Pepani.

Ndapita ku kiliniki. Chindichotseleni nchito ku fakitale, uwu ndiye ukwati woyamba kundiitana, ndipo tikauphonya sindikuona wina akubwela.

Sitani dilesi lanu la kuchalichi. Mawa wojambula ndinu, ine ndizingoloza ndi bandeji.

Atate ake Dingani