Kazembe Pambali pa Bedi la Alamu Anu

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi banja lonse. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Ine kuno kudziko la eni ndili bwino, ntchito yochapa nsalu kuhotela ikuyenda, koma alamu anu ndi amene anatiopsa.

Mwezi wathawu anagwa pamakwerero kuntchito yawo yomanga, mwendo n'kuthyoka pawiri. Vuto silinali mwendo wokha. Pasipoti yawo inali kwa abwana awo chiyambire ntchito, ndipo abwanawo atamva za ngozi anakana kuti munthuyu sakumudziwa. Wapolisi anabwera kuchipatala komwe anagonekedwa n'kukhala pakhomo la wodi, akuti wodwala akangotulutsidwa apita naye kuselo poti alibe mapepala. Ndinkawamwetsa madzi alamu anu wapolisiyo akutiyang'ana.

Mnzanga wosita anandiuza kuti ndikadandaule ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinapita. Ndinafotokoza pawindo, mlembi analemba, ine n'kubwerako wopanda chiyembekezo.

M'mawa mwake, ndikuwapukuta alamu anu kumaso, munalowa mayi wamfupi, wa imvi, atanyamula kachikwama kakuda. Ndinayesa ndi m'bale wa wodwala wina. Koma wapolisi uja anadzuka n'kuima njo, dokotala wamkulu naye anafika akumanga mabatani. Achimwene, anali a kazembe eniakewo.

Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anaitanitsa abwana aja, munthu woti akakuwa antchito amabisala kuseri kwa matumba a simenti. Anafika chipewa chili m'manja. A kazembe anawauza mofatsa kuti pasipotiyo si ya alamu anu okha, ndi katundu wa dziko limene linawatuma iwo, ndipo dzikolo likuifuna lero. Pasipotiyo inatuluka m'thumba la jekete ya abwanawo. Wapolisi anaitembenuza uku ndi uku, n'kuchoka mwakachetechete.

Zitatha, mayiwo anakhala m'mphepete mwa bedi. Mukuwadziwa alamu anu, mwendo ungathyoke koma pakamwa ayi. Anafunsa kuti ndi mankhwala anji oti munthu wamfupi chonchi n'kunjenjemeretsa zimphona. A kazembe anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati mankhwala palibe, kulemera kuli m'dzinalo. Akuti kalekale mfumu ina yaikulu inkasankha anthu ake okhulupirika n'kuwatuma kumadera akutali kuti akayankhule ndi kulamulira m'malo mwake, ndipo udindo wawo unali kazembe. Wonyoza kazembe ankakhala kuti wanyoza mfumu imene sakuiona. Anawonjezera kuti dzina lachizungu la udindowu nalo linachokera ku liwu lakale lotanthauza wantchito, munthu wotumidwa. Kenako anandigwira paphewa, nati iwo ndi ine tonse ndife antchito, kungoti abwana awo ndi anthu onse akwathu, kuphatikizapo wagona pabediyo.

Ine dzinali ndinkangolimva pawailesi, ndinkayesa ndi la anthu okwera galimoto za mbendera basi. Sindinkadziwa kuti dziko lathunthu lingalowe pakhomo la wodi ndi miyendo iwiri, n'kudzafunsa ngati wodwala wadya. Mpaka lero ndikamapinda nsalu ndimangopezeka ndaima, ndikuganiza zomwezo.

Pempho langa ndi limodzi. Apongozi anga sakudziwa kalikonse, ndipo ndi mtima wawo uja sindikufuna amve pafoni kapena kwa anthu apanjira. Pitani nokha, mukakhale nawo pansi. Mukayambe ndi kuwauza kuti mwana wawo akuyenda ndi ndodo ndipo akuseka, za kugwazo zibwere pambuyo.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu anga ndi ana onse. Alamu anu akuti muwauze amalume otsimphina aja kuti otsimphina m'banja mwathu tsopano alipo awiri, asiye kudzitama.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Mzime