Alito Sakumveka

Lolemba, 2 Juni

Foni yatsopano ili m'manja. Ndaigula kwa a Sadiki, omwe ali ndi kashopu ka mafoni kufupi ndi depoti ku Old Town. Yakale ija inkangodzizimira ikafuna. Iyi ndi yopepuka, ikukwana m'thumba la siketi, ndipo zolemba zikuoneka ngakhale padzuwa pa siteji. Batire nalo ndi lamakani: kunyamuka kunyumba ku Area 47 m'mawa, tsiku lonse ku ofesi ku City Centre, madzulo lidakali ndi moto. Kamera yokha ndiyo ikundionetsa ngati ndadzola ufa. Zilibe kanthu, sindinaigulire zithunzi. Ndaigulira nyimbo za kwaya.

Lachiwiri, 3 Juni

A Zikhale, aphunzitsi athu a kwaya, atumiza nyimbo ya pa Sabata. Iwo amajambula mwanzeru: sopulano amamveka kukhutu la kumanja, alito kumanzere, kuti aliyense agwire mawu ake. Ndavala mahedifoni atsopano obwera ndi foniyi m'minibasi. Sopulano akumveka bwinobwino, mpaka kupuma kwa oimba ndikukumva. Koma alito, mawu anga enieni, ali kutali ngati akuimbira kuseri kwa mpanda wa aneba. Ndakweza mpaka kumapeto, mayi wa pambali panga mpaka anandiyang'ana moipa.

A Sadiki akufuna kundidyera masuku pamutu. Mawa andiona.

Lachitatu, 4 Juni

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira ku Old Town, mawu okalipa nditakonzeratu. A Sadiki anavala mahedifoni aja n'kuyamba kugwedeza mutu. "Achemwali, konse kukulira. Kumanzere kuno ndiye kuli mawu okoma." Anandipatsa ena a m'paketi, chimodzimodzi. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Tasinthanitsani. La kumanja muike kumanzere." Ndinati ndachedwa kuntchito. Bodza.

Ndinasinthanitsa ndili ndekha pa mpando wa kumbuyo m'minibasi. Alito anabwera wathunthu, kumanja. Sopulano ndiye anasowa.

Si foni.

Lachinayi, 5 Juni

Chimfine basi, Juni amatero. Ndameza malovu, ndayasamula, ndatseka mphuno n'kupemerera. Palibe chotseguka. M'kati mwa khutu la kumanzere muli kamawu kokha kolira ngati udzudzu.

Ku ofesi ndangokhala n'kumadziyesa. Kutseka khutu la kumanja ndi chala, bwana pakhomo akungoyendetsa milomo. Kutsegula, mawu abwera. Mwina ndachita zimenezi tsiku lonse.

Ndikuopa. Ndilembe momwemo, ndikuopa. Bambo anga kwathu ku Mitundu anali mwini besi m'tchalitchi. Anayamba kutsalira m'mbuyo poimba, ana n'kumaseka, iwo osadziwa chomwe akusekedwera. Lero amakhala pa benchi ya kumapeto n'kumayang'ana pakamwa pa anthu. Ine ndikasiya kuimba nditsala ndi chiyani?

Lachisanu, 6 Juni

Ndinauza Thoko, mng'ono wanga, kuti chimfine chanditseka khutu. Anali akusita, anaimika simbi. "Chimfine chanji, asisi? Kuyambira Khirisimasi ndikamalankhula mumanditembenuzira mbali ya kumanja. Ine ndimayesa mukudziwa."

Khirisimasi!

Ndiye ndakumbukira. Mahedifoni a foni yakale ija waya wa kumanzere unaduka kalekale, ndinkangovala limodzi, kumanja, alito akasowa n'kumanamizira wayayo. Kuyankha foni, kumanja. Chinthu chakale chija chinkandibisira, chatsopanochi ndicho chandiulula.

Magetsi anazima masana onse, batire la foni silinadandaule. Sipika ndi yamphamvu, besi yake ndi yochepa koma yoyera. Ndafufuza paliponse pomwe ndingaipezere chifukwa. Bola ikanakhala yoipa.

Loweruka, 7 Juni

Ndinafuna kujomba kwaya. Ndinavala, ndinavula, ndinavalanso.

Nyimbo ija a Zikhale anaiimitsa kawiri. "Alito wina akutsalira, komanso akutsika." Maso awo ankayenda pamzere wathu. Naphiri, mnzanga amene amaima kumanzere kwanga, anangoyang'ana nsapato zake. Zaka zonsezi wogunda anzake ndi chigongono akasochera ndinali ine. Lero palibe anandigunda, ndipo zimenezo ndizo zinandiwawa.

Ataimitsa kachitatu ndinakweza dzanja. "Ndine, aphunzitsi. Khutu ili silikumva."

Ndinadikira kuseka kuja kwa ku Mitundu, osabwera. A Zikhale anavula magalasi. "A Eveless, kuchipatala mwapitako?" Ndinati ndipita Lolemba. Sindinaganizepo n'komwe, mawuwo anangotuluka okha. Naphiri anati andiperekeza, ndipo ndisayerekeze kumuzemba.

Kenako anandigwira pamkono n'kundikokera pamalo pake, kumapeto kwa mzere, kuti alito onse akhale kumanja kwanga. Tinayambanso. Ndinamumva Naphiri, ndinagwira mawu ake, tinafika kumapeto limodzi. Kumanzere kwanga kunali khoma lokha.

Za Lolemba sindikudziwa zomwe adokotala akanene. Foni sindibweza. Ilibe vuto.