Lata Sindimenyanso

Lolemba, 4 Malichi 1996

Ku vidiyo kwafika tepi yatsopano, ya nkhondo ya zombo zam'mlengalenga. Yakopedwa kambirimbiri moti mawu ake ndi mluzu wokhawokha. TV ndaitsitsa, nkhani ndikufotokoza ndekha pa maikolofoni monga mwa nthawi zonse. Mfuti ndikuliza ndi pakamwa, chombo chikaphulika ndikumenya lata. Ndinayeserera m'mawa kuti lata lisamalire mochedwa.

Nkhondo ili mkati, Chisanga, uja amanyamula katundu pa boda, wakuwa ali kumbuyo: "Ni boza ba Sililo! Kumwamba kulibe mpweya, phokoso ingamveke bwanji?" Anthu aseka. Ine ayi. Giredi 12 yakeyo akaonetsere kwina.

Lachiwiri, 5 Malichi

Kulibe phokoso? Nanga bingu limachokera pansi? Ndamufunsa Chisanga pamaso pa anthu. Iye akuti bingu ndi lapafupi, lam'mitambo, zombozo zili kutali. Ena ayamba kunditcha ba Lata. Lata ndalimenya mwamphamvu kuposa dzulo.

Lachitatu, 6 Malichi

Ba Munalula, eni vidiyo, akuti ndileke kukangana ndi makasitomala. Anyamata akathawira ku vidiyo ya ku Linda, maikolofoni apatsa wina. Pa msinkhu wanga uno ndani angandilembe ntchito? Mutu ukuwawa.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndapita kwa ba Choongo, a kutchalitchi kwathu, amene amaphunzitsa sayansi. Ndimati akandipatse mawu omutsekera pakamwa mnyamatayo. M'malo mwake akuti phokoso limayenda mumpweya ngati bwato pamadzi, madzi akaphwa bwato siliyenda. Ndawafunsanso: ngakhale chombo chachikulu ngati sitima ya malasha? Akuti ngakhale chimenecho.

Ndiye kuti Chisanga akunena zoona. Zandiwawa. Zaka zonsezi sindinaikepo bodza m'kamwa mwa munthu wa mufilimu. Chizungu chikandipitirira ndimanena poyera kuti apa sindinamve. Koma sabata yonse ndakhala ndikunamiza anthu ndi lata.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndawauza ba Munalula kuti pa tepi iyi lata sindimenyanso. Andiyang'ana kuyambira kunsapato. "Bantu balipila phokoso, osati sayansi. Mawa mukakhala chete, mukapumule kunyumba."

Sindinasinthe maganizo. Lata ndapita nalo kwathu, ndatsekera pakhola la nkhuku pamene pamalowa galu.

Loweruka, 9 Malichi

Masana mu vidiyo munadzaza, ena anakhala pansi. Zokambirana za anthu a mufilimu ndinafotokoza bwinobwino. Nkhondo itayamba ndinati, "Kuno kulibe mpweya," n'kutseka pakamwa. Ndimangopumira mu maikolofoni, monga angadzimvere yekha woyendetsa chombo m'chisoti mwake.

Chombo chachikulu chinang'ambika pakati, moto ponseponse, koma zii. Mayi wina wa benchi yakutsogolo anagwira pakamwa. Ba Munalula anaima pakhomo, manja m'chiuno.

Kenako kumbuyo kunamveka "Buuu!" Chisanga! Wina anaimba mluzu wa mfuti, ena kumenya mabenchi, ena kuponda pansi mpaka fumbi. Chombo chilichonse chinafa ndi phokoso la anthu a kwathu kuno ku Libuyu. Chisanga anakuwa, "Ba Sililo, tithandizeniko, mmero yauma!" Ndinamuyankha kuti kulibe mpweya. Anaseka mpaka kutsokomola.

Anthu atatuluka, ba Munalula anatenga choko n'kupita pa bolodi lapanja. Ndinawatsatira, maikolofoni ili m'manja, chingwe nditachikulunga bwino kuti ndipereke. Analemba: MAWA YOMWEYI. BWERANI NDI PHOKOSO LANU.

Maikolofoni sanaiyang'ane n'komwe. Anandipatsa choko kuti ndikonze R, akuti yapendekeka.